Tenisi ya Amuna Osewera Awiriawiri m'Mipikisano Yaing'ono: Malo, Mapointi ndi Ndalama

Anthu ambiri amaidziwa tenisi kudzera pa kanema, nthawi imene Wimbledon kapena US Open ikuonetsedwa, ndipo chimene amaona ndi bwalo lodzaza anthu ndiponso akatswiri awiri akulimbirana ndalama zankhaninkhani. Pansi pa mipikisano yotchuka imeneyi pali ina yambirimbiri imene imachitika pafupifupi mlungu uliwonse, m'matauni ang'onoang'ono a ku Italy ndi ku France, kapena m'mabwalo a mahotela a ku Monastir m'dziko la Tunisia, ku Sharm El Sheikh m'dziko la Egypt ndi ku Antalya m'dziko la Turkey. Mkati mwa mpikisano uliwonse wotere mumakhala kampikisano kena, ka amuna osewera awiriawiri, kamene kawirikawiri kamaseweredwa chakumadzulo pabwalo lakumbali, oonerera ali owerengeka. Papepala dongosolo lake ndi lalifupi, chifukwa matimu amakhala 16 ndipo timu yopambana masewero anayi motsatizana ndiyo imatenga chikho. Chovuta kumvetsa ndi mmene matimu 16 amenewo amapezekera, chifukwa chake masewero awo amatha mosayembekezereka, ndi chimene amuna akuluakulu amayendera dziko lonse kulondola mphoto imene nthawi zina siikwana ngakhale tikiti ya ndege.

Tenisi ya amuna olipidwa ili ndi masitepe atatu. Pamwamba pali ATP Tour, yoyendetsedwa ndi ATP, bungwe la tenisi ya amuna olipidwa, pamodzi ndi mipikisano inayi ikuluikulu ya Grand Slam, imene ndi Australian Open, French Open, Wimbledon ndi US Open. Pakati pali ATP Challenger Tour, imene inayamba mu 1978 ndipo kuchokera mu 2023 inagawidwa m'magulu asanu otchedwa Challenger 50, 75, 100, 125 ndi 175, nambala iliyonse ikuimira mapointi amene wotenga chikho amalandira. Pansi penipeni pali mipikisano ya bungwe loyang'anira tenisi padziko lonse la ITF, imene mpaka mu 2018 inkatchedwa Futures koma lero imadziwika kuti M15 ndi M25, maina amene anachokera ku thumba la mphoto la madola 15,000 ndi 25,000 logawidwa kwa osewera onse a mlungu umenewo. Tikamanena za mpikisano waung'ono tikunena masitepe awiri apansiwa.

Chimene osewera amasaka kwenikweni m'masitepe amenewa ndi mapointi, pakuti mapointi ndiwo amaika munthu pa mndandanda wa dziko lonse, ndipo mndandandawo ndiwo umanena kuti ndani alowe mumpikisano uti. Osewera awiriawiri ali ndi mndandanda wawowawo, wosiyana ndi wa osewera mmodzimmodzi, ndipo aliyense mwa awiriwo amalandira mapointi onse a timu popanda kugawana: timu ikatenga chikho cha Challenger 75, aliyense amalemberedwa 75, pamene timu yogonja m'ndime yoyamba imabwerera chimanjamanja. Mapointiwo sakhalitsa. Pakatha milungu 52 amafufutika, kotero kuti amene anapambana mu Juni chaka chatha, Juni wa chaka chino akamafika amadziwa kuti akapanda kuchitanso bwino atsika, ngakhale asanalakwitse chilichonse.

Mpikisano woyamba umachitika mpira usanamenyedwe, pa nkhani yolowa. Okonza amatenga nambala ya wosewera woyamba pa mndandanda n'kuiphatikiza ndi ya mnzake, ndipo matimu amene chiwerengero chawo chili chochepa ndiwo amalowa. Tiyerekeze kuti wina ali pa nambala 180 ndipo mnzake ali pa 210. Timu yawo ili ndi 390. Ngati mlungu umenewo timu yomaliza kulowa ili ndi 370, iwo atsala kunja, ngakhale akhale kuti afika kale mumzindawo ndipo alipira kale hotela. Malo ena amadzazidwa ndi olembetsa pasadakhale, ena ndi olembetsa pamalo pomwepo kwa woyang'anira mpikisano nthawi yoikika isanakwane, ndipo ochepa otsala amaperekedwa mwaulere ndi eni mpikisano, kawirikawiri kwa achinyamata a m'dziko lomwelo. Malo otere amatchedwa wild card. N'chifukwa chake ola lomaliza lolembetsa limakhala la piringupiringu. Osewera amaima pafupi ndi ofesi, maso ali pa foni, akuwerengetsa nambala za anzawo, ndipo zimachitika ndithu kuti anthu awiri amene anagwirizana kusewera limodzi asiyane mphindi zomaliza chifukwa aona kuti pamodzi sakulowa, koma aliyense atapeza mnzake wa nambala yabwinoko mmodzi wa iwo akhoza kulowa.

Pali lamulo lina limene limasokoneza masamuwa. Polembetsa, wosewera amaloledwa kugwiritsa ntchito nambala yake yabwino kwambiri, kaya ndi ya pa mndandanda wa awiriawiri kapena wa mmodzimmodzi. Zotsatira zake n'zakuti m'matimu 16 aja mumasakanikira mitundu iwiri ya anthu. Ena ndi oti moyo wawo wonse uli pa masewero a awiriawiri, ndipo mlungu wawo ukhala wabwino kapena woipa malinga ndi masewero anayi amenewa. Ena anabwerera mpikisano wa mmodzimmodzi, ndipo alembetsa kuti azolowere bwalo, apezeko kangachepe kowonjezera, kapena kuti akhalebe ndi chochita akagonja msanga. Munthu wa gulu lachiwirili akafika patali m'mpikisano wake weniweni, kapena akamva kupweteka pang'ono m'phewa, savutika mtima kutuluka mumpikisano wa awiriawiri, ndipo timu imene amayenera kukumana nayo imadutsa osasewera. Mnzake amene anamusiya m'malere sakhala ndi kodandaula. Mwa matimu onse, anayi apamwamba amaikidwa motalikirana kuti asakumane msanga, ndipo otsalawo amachitiridwa maere.

Kusankha mnzako ndiye mutu wa nkhani yonse, ndipo n'kovuta kuposa mmene kumaonekera. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha, koma sanatiuze kuti wachiwiriyo tim'peze bwanji pamene aliyense ali ndi ulendo wake. Palibe pangano lolembedwa limene limamanga osewera awiri. Amagwirizana pa WhatsApp kapena pa Instagram, nthawi zina kwa mlungu umodzi wokha, nthawi zina kwa miyezi ingapo. Wofuna mnzake amayang'ana nambala, inde, koma amayang'ananso mbali ya bwalo imene munthuyo amalandirira mpira, popeza mmodzi amayenera kuima kumanja ndipo wina kumanzere, ndipo anthu awiri okonda mbali imodzi amasowetsana mtendere. Timu ya wamanzere ndi wamanja imasiririka chifukwa mipira yawo imapota mosiyana, ndiponso amatha kusankha kuti aliyense aseve, ndiko kuti amenye mpira woyambitsa pointi, kumbali imene dzuwa silikumuthobwa m'maso. Mapasa a ku America, Bob ndi Mike Bryan, amene anatenga limodzi zikho 119 kuphatikizapo 16 za Grand Slam, anali otero: Bob wamanzere, Mike wamanja. Chowawa n'chakuti kukwera kwa mmodzi ndiko kumapasula timu. Wina akakwera msanga, nambala ya mnzake imasanduka mtolo womulepheretsa kulowa m'mipikisano yapamwamba, ndipo uthenga wotsanzika suchedwa kubwera.

Bwalo la tenisi ndi lotalika mamita 23.77. Osewera mmodzimmodzi amagwiritsa ntchito mamita 8.23 m'lifupi, koma awiriawiri amawonjezera tinjira tiwiri ta m'mbali, kalikonse ka mamita 1.37, kotero kuti lifupi limafika mamita 10.97. Anthu awonjezeka kawiri pamene bwalo langokula pang'ono, ndipo apa ndi pamene pagona kusiyana konse kwa masewerowa. Mipata imachepa, nthawi yoganiza imachepa, ndipo mpira umene ukanakhala wabwino pamasewero a mmodzimmodzi, wodutsa pamwamba pa ukonde bwinobwino n'kukagwera kutali, pano umangopezana ndi munthu woima pa ukonde amene amaukhomera pansi usanagunde n'komwe.

Amene akufuna kumvetsa masewerowa asamayang'ane woseva. Ayang'ane mnzake amene wawerama pafupi ndi ukonde. Mpira usanaponyedwe m'mwamba, iye amaika dzanja kumsana kumene adani sakuona. Choyamba amaloza ndi chala kumene akufuna kuti mpira upite: pakati pa bwalo, pathupi la wolandira, kapena kunja. Woseva amayankha ndi liwu limodzi lovomera kapena lokana. Kenako dzanja lija limanena chimene mwini wake achite: akafumbata chibakera ndiye kuti akhala pomwepo, akatambasula chikhatho ndiye kuti mpira ukangomenyedwa adumphira mbali inayo kukadula mpira wobwezedwa, ndipo wosevayo ayenera kuthamangira mbali imene yasiyidwa. Nthawi zina amagwada pamzere wapakati penipeni, woseva ali kumbuyo kwake ngati anthu a pamzere wa kuchigayo, kuti wolandira asadziwe kumene adzukire. Wolandirayo ali ndi kamphindi kosakwana sekondi kuti asankhe pakati pa kubweza mpira mopingasa n'kuutsitsira kumapazi a woseva, kuuwongola m'kanjira ka m'mbali poganiza kuti wa pa ukonde achokapo, kapena kuukweza m'mwamba kuti udutse pamutu pake. Akaganiza molakwa pointi yatha. Mapointi ambiri a amuna awiriawiri satenga mipira yoposa inayi, ndipo ichi n'chimene chimachititsa ena kuwaona masewerowa ngati osakoma, pamene kukoma kwake kuli m'kuwerengana maganizo kumene kumachitika mpira usanamenyedwe.

Kawerengedwe ka mapointi ndiko kamawonjezera moto. Mu tenisi ya masiku onse, gemu, kachigawo kakang'ono ka masewero, ikafika pa 40-40 pamafunika kupambana mapointi awiri otsatizana, ndipo kukokanakokana kumeneku kukhoza kutenga mphindi khumi. M'mipikisano ya awiriawiri ya ATP, ya Challenger ndi ya ITF mulibe zimenezo. Ikafika pa 40-40 pamaseweredwa pointi imodzi yokha yogamula, ndipo timu yolandira ndiyo imasankha kuti mwa awiriwo alandire ndani. Seti, chigawo chachikulu chopangidwa ndi magemu, ikafika pa 6-6 imagamulidwa ndi gemu yapadera yotchedwa tie-break ya mapointi 7 monga mwa nthawi zonse, koma matimu akagawana maseti awiri oyamba sipakhala seti yachitatu; m'malo mwake pamakhala tie-break yaitali ya mapointi 10, yofuna kusiyana kwa mapointi awiri. Dongosolo limeneli linakhazikika mu 2006 pambuyo pa mkangano waukulu. Mu 2005 akuluakulu a ATP anafuna kufupikitsa masewerowa ndi kupereka malo ambiri kwa osewera mmodzimmodzi, ndipo akatswiri a awiriawiri, kuphatikizapo abale a Bryan aja, anakasuma kukhoti ku America poona kuti ntchito yawo ikuphedwa. Chimene chinatsala mbali ziwirizi zitamvana ndicho kawerengedwe kamene tili nako lero. Koma mipikisano ya Grand Slam imasungabe seti yachitatu ndi lamulo la mapointi awiri otsatizana.

Kwa okonza mpikisano phindu lake n'loonekeratu, chifukwa masewero amatha mu ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndipo ndondomeko ya tsiku siisokonekera. Kwa osewera nkhani ndi ina. Pakati pa amuna oseva mwamphamvu, kulanda gemu ya woseva n'kosowa, kotero kuti seti yonse ikhoza kutembenukira pa pointi imodzi yogamula, ndipo masewero onse akhoza kuthera pa mpira umodzi wokhudza chingwe cha ukonde pa 8-8. Timu ikhoza kupata mapointi ambiri kuposa inzake m'masewero onse koma n'kugonja. Ine ndimaona kuti dongosololi limalanga kwambiri timu yabwino kuposa yofooka, popeza likafupikitsa masewero limachepetsanso nthawi imene luso likanadzionetsera, ndipo n'chifukwa chake sizidabwitsa kuona timu yoikidwa pa nambala 1 ikutuluka Lachitatu m'manja mwa anyamata awiri amene anadziwana dzulo lake. Komabe pa chaka chathunthu mwayi umafanana kwa onse, ndipo matimu amene amadziwa chochita pa mapointi ogamulawa, amene anagwirizana kale kuti alandira ndani ndipo mpira aulozetsa kuti, ndiwo amapezeka pamwamba.

Tsopano za ndalama. Pamene thumba la mpikisano wa M15 linali madola 15,000, wotenga chikho cha mmodzimmodzi ankalandira 2,160, pamene timu yotenga chikho cha awiriawiri inkalandira 930 yoti igawane, kutanthauza madola 465 munthu mmodzi atapambana masewero onse a mlungu. Pa Challenger 75 m'zaka za 2023 ndi 2024, timu yopambana inkalandira ndalama zosafika madola 5,000, zogawananso pawiri, msonkho wa dziko limene kuli mpikisano usanadulidwe. Pa ndalama zimenezi munthu achotsepo tikiti ya ndege, chakudya, ndi malipiro a womanga zingwe za raketi, zimene zimafuna kusinthidwa pafupipafupi. Kuyambira mu 2019 mipikisano ya Challenger imapereka chipinda chogona kwa amene alowa, ndipo zimenezi zinapepuza ambiri, koma pa M15 wosewera amadzilipirira yekha. Mphunzitsi woyenda naye ndi maloto chabe kwa ambiri. Zimene amachita n'kusonkherana angapo kulipira mmodzi, kapena kuonerana okhaokha masewero ojambulidwa a adani awo usiku kuhotela. Kafukufuku amene bungwe la ITF linachita pa ziwerengero za chaka cha 2013 anapeza kuti mwa amuna onse osewera tenisi yolipidwa, oyambira pa nambala 1 kufika pa 336 okha ndiwo ankapeza ndalama zokwanira kubweza zimene awononga, osawerengera malipiro a mphunzitsi. Wodalira masewero a awiriawiri okha amayenera kukwera kuposa pamenepo kuti adye za thukuta lake.

Pamene pali umphawi wotere ndi pamene akatangale amalowerera. Makampani a juga amalandira kubetcha ngakhale pa masewero amene pabwalo palibe woonerera ndi mmodzi yemwe, ndipo munthu akhoza kubetcha pa seti imodzi kapena gemu imodzi. Wosewera amene mphoto yake ya mlungu ndi madola mazana ochepa akauzidwa kuti alandira zochuluka kuposa pamenepo akangotaya seti yoyamba, yesero limakhala lalikulu, makamaka poti akhoza kutaya setiyo koma n'kupambanabe masewero. Gulu loima palokha limene linafufuza nkhaniyi linatulutsa lipoti lake lomaliza mu Disembala 2018, ndipo linanena kuti vutoli lazika mizu kwambiri m'masitepe apansi. Mu 2021 kunakhazikitsidwa bungwe la ITIA loona za chinyengo mu tenisi, ndipo mu 2023 khoti la ku Belgium linagamula Grigor Sargsyan kukakhala kundende zaka zisanu chifukwa chotsogolera gulu limene linkagula osewera a m'mipikisano yaing'ono. Osewera ambiri ndi oona mtima, koma onse amakhala pansi pa lamulo lakuti akangofikiridwa ndi munthu wotere anene msanga, apo ayi nawonso alangidwa.

Nanga amapiriranji zonsezi? Yankho lili m'kusiyana kwa masitepe. Chikho chimodzi cha ATP 250, chimene ndi chaching'ono kwambiri pa sitepe yapamwamba, chimapereka mapointi 250, oposa a zikho zitatu za Challenger 75, ndipo cha Grand Slam chimapereka 2,000. Amene wadutsa pakhomo limenelo moyo wake umasintha m'miyezi yochepa. Koma khomolo ndi lopapatiza, chifukwa mipikisano yambiri ya ATP 250 imalandiranso matimu 16 okha, ndipo ena mwa malowo amatengedwa ndi akatswiri a mmodzimmodzi pogwiritsa ntchito nambala zawo zija. Pa chifukwa chimenechi pali osewera ambiri amene amakhala zaka pakati pa nambala 80 ndi 150, akupambana zikho za Challenger koma osakwanitsa kulowa pamwamba mlungu ndi mlungu.

Nkhani ya Julian Cash ndi Henry Patten a ku Britain imaonetsa mmene makwererowa amagwirira ntchito zinthu zikayenda. Onse awiri anasewera tenisi ya m'makoleji a ku America, ndipo Patten anagwirapo ganyu yolemba ziwerengero za masewero pa Wimbledon. Mu 2022 anayambira limodzi m'mipikisano ya ITF, n'kutenga zikho 10 za Challenger chaka chomwecho, chiwerengero chimene panalibe timu inachifikapo m'chaka chimodzi. Pambuyo pake anasiyana. Patten anagwirizana ndi Harri Heliövaara wa ku Finland, munthu amene anasiyapo tenisi mu 2013 chifukwa cha matenda a msana, n'kukagwira ntchito pabwalo la ndege la ku Helsinki asanabwererenso mu 2017, ndipo awiriwa anatenga chikho cha Wimbledon mu 2024 atapulumuka katatu pamene adani awo, Max Purcell ndi Jordan Thompson, anangotsala ndi pointi imodzi kuti apambane. Chaka chotsatira chikho chomwecho chinapita kwa Cash, ali ndi Lloyd Glasspool, yemwe kale anali mnzake wa Heliövaara. Anthu anayi omwewo, atangosinthana, anatenga Wimbledon zaka ziwiri zotsatizana. Chinanso chimene chimasunga anthu m'masewerowa n'chakuti salira miyendo kwambiri ngati a mmodzimmodzi, motero munthu akhoza kudikira nthawi yake. Rohan Bopanna wa ku India anafika pa nambala 1 padziko lonse mu Januwale 2024 ali ndi zaka 43.

Kwa wosewera wa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, makwerero omwewa amayambira patali, chifukwa mipikisano yambiri ili ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, ndipo ya mu Africa yachulukira kumpoto. Pointi iliyonse imayamba ndi visa ndi ulendo wautali wa pandege. Luso lokha lilipo kuchokera kale: Byron Black wa ku Zimbabwe anatenga French Open mu 1994 ali ndi Jonathan Stark, mng'ono wake Wayne Black ndi Kevin Ullyett anatenga US Open mu 2001 ndi Australian Open mu 2005, ndipo Raven Klaasen wa ku South Africa anafika m'ndime yomaliza ya Australian Open mu 2014 ndi ya Wimbledon mu 2018. M'badwo wa lero uli ndi abale awiri a ku Zimbabwe, Benjamin ndi Courtney John Lock, amene anatenga chikho cha Challenger ku Blois m'dziko la France mu 2024. Chaka chomwecho mzinda wa Kigali unachititsa mipikisano iwiri yotsatizana ya Challenger pabwalo ladothi, ndipo Brazzaville inatsatira miyezi ingapo pambuyo pake. Milungu iwiri pamalo amodzi ndi chinthu chachikulu kwa timu yosauka, popeza tikiti imodzi imagula mwayi kawiri.

Ndime yomaliza ya awiriawiri imaseweredwa kawirikawiri Loweruka, tsiku limodzi isanachitike ya mmodzimmodzi, ndipo m'mipikisano ina ya ITF imachitika ngakhale Lachisanu. Mwambo wopereka chikho umatenga mphindi zochepa: woyang'anira amawerenga maina, anthu anayi amajambulitsa ataima pa ukonde, ndipo opambana amathamangira kukasamba chifukwa sitima kapena ndege yopita kumpikisano wotsatira ikunyamuka usiku womwewo. Mapointi a Challenger amaonekera pa mndandanda watsopano Lolemba, ndipo pofika tsikulo awiriwo amakhala ali kale mumzinda wina, akuphatikizanso nambala zawo kuti aone ngati mlungu wa mawa alowa.